Timapaipi ta Pansi pa Mipando

Dzina loti Injiniya mwanayo analilandira asanayambe n'komwe sukulu, tsiku limene anamasula wailesi ya bambo ake kuti aone kumene anthu olankhulamo amakhala. Wailesiyo sinalankhulenso, koma dzinalo linakanirira. Pofika kusekondale anali atakonzera anthu a mumzere wa nyumba zawo masimbi, matochi ndi matchaja, ndipo madalaivala anzawo a bambo ake ankafunsa kuti bwana Injiniya ali bwanji, ena osadziwa n'komwe kuti akunena mtsikana.

Bambo akewo ankayendetsa basi ya m'tauni, ija yoyenda msewu umodzimodzi tsiku lonse. Akaweruka, iwo ndi kondakitala ankasesa m'basimo asanaitseke, ndipo pansi pa mipando ankapezamo zimene anthu amaiwala: zipeso, maambulera othyoka, nsapato imodzi ya khanda. Chaka chimenecho anayamba kupezamo zinthu zachilendo, timapaipi ta pulasitiki totalika ngati chala, tina tofiira, tina tobiriwira, tina tojambulidwa zipatso. Tinkachuluka kumipando yakumbuyo, kumene ana asukulu amakonda kukhala. Kondakitala, yemwe anali wachinyamata, anawauza kuti ameneyo ndi fodya wamagetsi, anzake amati vepu, ndipo munthu amangokoka mpaka kathe kenako n'kutaya. Anawonjezera kuti si fodya weniweni, ndi nthunzi chabe yonunkhira. Adalaivala sanafunse zambiri. Anatola kamodzi n'kuika m'thumba la malaya kuti mwana wawo akakaone.

Injiniya anakatembenuza kawiri katatu, n'kukang'amba ndi pulaya pathebulo la kuchipinda kwake. M'katimo munali kathonje konyowa, timawaya ndi kabatire. Atakayeza kabatireko, nkhope yake inawala. Anawafotokozera bambo ake kuti anthu akutaya chinthu chamoyo, chifukwa batire yoteroyo ikhoza kutchajidwa kambirimbiri.

"Adadi, mukapeza tina musataye. Muzindibweretsera tonse."

Chinthu choyamba chimene anapanga chinali tochi ya mayi ake. Mayiwo ankagwira ntchito kubekale ndipo ankatuluka m'nyumba kusanache. Tochiyo anaipangira m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo inkawala mpaka kumpanda wa aneba. Mayi anaionetsa kwa aliyense kuntchito. Bambonso sanagone ndi nkhaniyo. Anauza madalaivala anzawo, ndipo posakhalitsa pakona ya ofesi ya kudepoti panali katoni imene aliyense ankaponyamo timapaipi totoledwa. Loweruka lililonse bambowo ankabwera nato kunyumba m'jumbo, akuyenda ngati munthu wobwera ndi nyama yam'tchire. Kusukulu kunali kukubwera chionetsero cha sayansi, ndipo Injiniya ankafuna kupanga nyale zowerengera zochokera ku zinthu zotayidwa. Ankafunika mabatire ambiri.

Amene anayamba kuona kuti mwana wasintha anali mayi ake. Injiniya, yemwe kale ankanyambita mbale, anayamba kusiya chakudya. Ankadzuka atakwinya nkhope, munthu ukamulonjera ngati wamuponda chala. Ankadandaula mutu pafupipafupi, ndipo ankakhosomola kachifuwa kouma kosatha. Chitseko cha kuchipinda kwake, chimene kale chinkakhala pululu, tsopano chinkakhala chokhoma. M'chipindamo munkatuluka fungo lotsekemera ngati la maswiti, koma onse ankati ndi la timapaipi tong'ambidwa tija, ndipo zinali zoona ndithu, kungoti sizinali zonse.

Tsiku lina mayi atapuma kuntchito anamumva akusanza kubafa m'mawa. Mayi akamva mwana wake wamkazi akusanza m'mawa, maganizo amathamangira kumodzi. Anadikira kuti amuna awo achoke, n'kumuitanira kukhitchini. Anazungulirazungulira, kufunsa za anzake, za kumene amadutsa pochokera kusukulu, mpaka anafunsa mosabisa ngati pali mnyamata. Injiniya anaseka, kenako maso anadzaza misozi, n'kukadzitsekera kuchipinda. Madzulo mayi anawauza amuna awo mantha awo. Bambo anati mwana wawo amamudziwa, mnyamata yemwe angamukope ayenera kukhala ndi mawaya m'mutu. Mayi sanaseke. Anati amuna amaona mwana ngati mmene analili dzana, ndipo kuyambira pamenepo iwo anayamba kulondera mwanayo mwakachetechete, kumusuzumira pamimba akamadutsa, kufunsa azimayi a panjira ngati amamuona ndi winawake.

Loweruka la sabata yoti chionetsero chichitike, bambo anaweruka masana. Atafika pageti anapeza Sipika ataima, ali ndi kapu ya madzi m'manja. Sipika anali mnzake wa Injiniya wa ponda apa nane m'pondepo, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa mawu ake ankafika m'nyumba mwiniwake ali kumsewu. Tsikulo sanawalonjere. Anangoloza kunyumba ndi kapuyo, madzi akutayikira pamapazi pake.

Kuchipinda kwake Injiniya anali atagona pansi pafupi ndi thebulo, atadzipinda. Anali atasanza paliponse. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yonse, malovu akuchucha pakamwa ngati khanda lomera mano, milomo itatuwa. Bambo ake atamuitana anatsekula maso, n'kunena kuti nyumba ikuzungulira. Bambo atamugwira manja anamva kuti ndi onata. Pathebulo panali mulu wa timapaipi tong'ambidwa, mathonje ake atafinyidwira m'mbale, madzi achikasu atayenderera mpaka pasiketi yake. Pachala chachikulu panali bala latsopano la pulaya. Anaika dzanja pachifuwa pa mwanayo, ndipo mtima unkagunda ngati wa mbalame yogwidwa m'manja.

Anatola timapaipi tingapo n'kuika m'thumba, anamunyamula mwanayo ngati mmene ankachitira ali wamng'ono, n'kukagogoda kwa aneba awo, makaniko amene anali ndi kagalimoto kakale. Makanikoyo sanafunse kanthu, anangotenga makiyi manja ali ndi girisi. Sipika anakwera nawo osaitanidwa.

M'galimotomo ndi mmene Sipika anayamba kulankhula, motsitsa mawu, maso ali pansi. Anati timapaipi tambiri timene anthu amataya timakhala tisanatheretu. Injiniya ankayamba wasankha timene tikuyakabe n'kutiika padera, ndipo awiriwo ankasuta. Anayamba kalekale, katoni ya kudepoti itangoyamba kubwera. Tsikulo kuyambira m'mawa Injiniya ankang'amba timapaipi mothamanga kuti amalize nyale zake, uku akusuta kamodzi kakatha n'kutenga kena, osadya kanthu. Kena kanali kosweka, ndipo atakoka, madzi ake anamuthira m'kamwa n'kumeza. Anatsuka m'kamwa n'kupitiriza ntchito. Pasanapite nthawi anayamba kunena kuti akumva mseru.

Bambo anali atagwira mutu wa mwana wawo pamiyendo, kuutembenuzira kumbali kuti akasanzanso asatsamwe.

Kuchipatala namwino anafunsa chimene mwanayo wadya kapena kumwa. Bambo anatulutsa timapaipi tija n'kuika pathebulo. Namwinoyo atationa anagwedeza mutu ngati munthu woti si koyamba, ndipo asanamukhudze mwanayo anavala magolovesi. Bambo anaona zimenezo, n'kuyang'ana manja awo. Namwinoyo anawauza kuti akasambe m'manja ndi sopo pomwepo, ndipo Sipika achitenso chimodzimodzi. Kenako anamulowetsa Injiniya kuseri kwa nsalu, kumuvula zovala zonyowazo, kumusambitsa mikono ndi miyendo, kumuika diripi, ndi kumumata timawaya pachifuwa tolumikiza ku makina oonetsa kugunda kwa mtima.

Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Atamuyeza mwanayo anatuluka n'kukhala ndi bambo pabenchi. Anawauza kuti madzi a m'timapaipimo ali ndi nikotini, mankhwala omwewo a mufodya, ndipo nthawi zambiri amakhala wamphamvu kwambiri, moti kapaipi kamodzi kangathe kukhala ndi wochuluka ngati wa ndudu zambirimbiri. Anati nikotini salowa m'thupi posuta pokha. Amalowanso pakhungu, makamaka pamene pali bala, ndipo akamezedwa ndiye zimaipiratu. Mwana wawo anamulandira njira zonse zitatu tsiku limodzi, m'mimba mulibe kanthu. Anati achita bwino kubwera naye msanga, ndipo amugoneka kuti ayang'anire mtima ndi kapumidwe kake, chifukwa poizoni ameneyu amayamba ndi kuthamangitsa mtima koma akachuluka amatha kuufooketsa. Kenako anafunsa kumene mwanayo ankatenga timapaipi tochuluka choncho.

"Ndimamubweretsera ndine," anatero bambo.

Dokotala anawayang'ana, ndipo iwo anafotokoza za mabatire, za tochi, za katoni ya kudepoti. Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto. Anangonena kuti makolo ambiri amene amafika pabenchi imeneyo sadziwa n'komwe kuti zinthuzo ndi fodya, ena amayesa zolembera, ena zopaka pamilomo.

Atatsala okha, bambo anakhala akuyang'ana khoma. Fodya ankamudziwa. Anayamba kusuta ali mnyamata wotsuka magalimoto, ndipo ankakumbukira ndudu yawo yoyamba, mmene mutu unazungulira mpaka kukasanza kuseri kwa galaja anzawo akuseka. Anasuta zaka zambiri, n'kudzasiya movutikira akazi awo ali oyembekezera mwana yemweyu. Kuchokera pamenepo fungo la fodya ankalimva munthu ali kutali, ndipo wokwera basi akangoyatsa ndudu kumbuyo ankaimitsa basi asanatembenuke n'komwe. Ankadziona ngati munthu amene fodya sangamunamizenso. Koma uyu analowa m'nyumba mwawo akununkhira maswiti, atanyamulidwa ndi manja awo omwe, iwo akumwetulira. Anakumbukira mawu a kondakitala oti ndi nthunzi chabe, n'kudzifunsa chifukwa chimene anawakhulupirira msanga choncho. Yankho lake silinali lovuta. Mwana wawo anali wosangalala, iwonso ankatamandidwa kudepoti, ndipo munthu safunsa mafunso pa chinthu chimene chikumukomera.

Mayi anafika ali ndi epuloni, ufa uli m'mikono. Anakalowa kwa mwana, anakhalako nthawi, kenako anamukokera dokotala pambali n'kumufunsa funso lawo lija la mimba monong'ona. Pobwerera anadzakhala pafupi ndi amuna awo, nkhope ili ya munthu amene watula katundu wina n'kusenza wina.

"Ine ndimalondera pakhomo, wakuba akulowera pawindo," anatero. "Ndipo windolo munatsekula ndinu, bambo."

Bambo anavomera. Mayi anayamba kuthothola ufa wouma m'zikhadabo zawo, ndipo patapita nthawi ananena, osayang'ana amuna awo, kuti iwonso ankayenda ndi tochi ija m'mawa uliwonse n'kumaionetsa kwa anthu, ndipo fungo lija ankalimva tsiku ndi tsiku akamasesa pakhomo la chipinda. Anangokhala moyandikana, akumvetsera kulira kwa makina kuseri kwa nsalu.

Mtima wa Injiniya unakhazikika, kusanza kunaleka, ndipo patapita masiku ochepa anamutulutsa. Asanachoke dokotala anawaitana onse atatu. Anati poizoni watuluka m'thupi, koma chilakolako sichituluka ndi diripi. Ubongo wa mwana umagwira nikotini msanga kuposa wa munthu wamkulu, ndipo masabata akubwerawo akhala ovuta. Anawauza za mlangizi amene amakumana ndi achinyamata ofuna kusiya fodya, m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, ndipo anawachenjeza kuti timapaipi totsalato asatitaye pamoto kapena m'dzala, chifukwa mabatire ake amaphulika.

Bambo anavala magolovesi a mphira, anasonkhanitsa zonse za pathebulo lija pamodzi ndi katoni ya kudepoti, n'kukasiya kumalo kumene amalandira mabatire akutha. Kwa madalaivala anzawo ananena zimene zinachitika mosabisa. Ena anapukusa mitu, wina anati akafufuze m'chikwama cha mwana wake, ndipo kondakitala anakhala masiku angapo osawayang'ana m'maso mpaka iwo anamuuza kuti asadziimbe mlandu, onse anapusitsidwa ndi fungo limodzi.

Chionetsero cha sayansi chinachitika Injiniya kulibe. Atapeza thebulo lake lili mbee, anakuwa kuti amulanda chilichonse, ngakhale mabatire abwinobwino amene analibe mlandu. Masiku otsatirawo m'nyumbamo munali ngati mwalowa mlendo wovuta. Mwanayo sankagona bwino, ankatafuna zolembera mpaka kusweka, ankalira chifukwa cha supuni yogwa. Tsiku lina anawayankha mayi ake mawu amene sanawayankhepo chibadwire, ndipo mayi anatuluka panja kukachapa zovala zoyerayera kuti dzanja lawo lisachite zimene linkafuna. Kwa mlangizi ankapita, koma pobwera ankati n'kutaya nthawi, munthuyo amangofunsa mafunso.

Bambo anaona kuti Loweruka ndi limene linkavuta kwambiri, chifukwa mwanayo ankatsala yekha m'chipinda momwe ankasutiramo. Ndiye anapempha kwa akuluakulu a kudepoti kuti awalole azipita naye m'basi. Injiniya ankakhala pampando wakutsogolo atapinda manja, basi ikupita n'kubwerera, iye osalankhula. Koma tsiku lina basi itaima kumapeto kwa msewu kudikira nthawi yonyamukira, anthu onse atatsika, anayamba yekha kufotokoza.

Anati poyamba ankangofuna kudziwa mmene kamagwirira ntchito, chifukwa kamayaka munthu akakoka popanda batani. Anapukuta kukamwa kwake ndi malaya n'kukoka kamodzi. Kanakoma ngati switi, mutu unapepuka. Kenako anaona kuti akakoka amawerenga nthawi yaitali osatopa. Kenako zinatembenuka, akapanda kukoka sankatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ankadziwa kuti timapaipito tachokera m'kamwa mwa anthu osawadziwa, tagona pansi pa basi, ndipo zinkamunyansa, koma ankasutabe. Anati chimene chinkamupweteka kwambiri n'choti iye ankadziwa chilichonse cha m'kapaipiko, waya uliwonse, ndipo ankaganiza kuti chinthu chimene wachimasula ndi manja ake sichingamulamulire.

"Adadi, kodi chimatha?"

Bambo sanafune kumunamiza. Anamuuza za iwo eni, zimene mwanayo ankangozimva patalipatali: mmene ankadzukira usiku kufufuza m'matumba a jekete, mmene anakalipira bwana wawo mpaka kutsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, mmene anabwererako kangapo asanasiyiretu. Anati chilakolakocho chimabwera ngati wokwera wochedwa amene akumenya chitseko basi itanyamuka kale. Amamenya mwamphamvu ngati aswa galasi, koma ukapanda kutsekula amatsala. Vuto lake amadzapezekanso pasiteji ina, kungoti m'kupita kwa nthawi masitejiwo amatalikirana.

Injiniya anati fanizolo ndi la dalaivala weniweni. Aka kanali koyamba kuseka chitulukire m'chipatala.

Sizinayende mowongoka. Patapita milungu ingapo, madzulo ena akudya, Injiniya anatulutsa kapaipi kachikasu m'thumba la yunifolomu n'kukaika pathebulo pakati pa mbale. Anati mnyamata wina wa m'kalasi mwawo amagulitsa, ndipo anamupatsa kaulere kuti amukonzere foni. Anakoka kangapo kuchimbudzi cha kusukulu, ndipo atabwerera m'kalasi anamva mseru uja wa tsiku lija, manja n'kuyamba kuzizira. Mayi anatsekula pakamwa kuti akalipe, koma anazindikira kuti mwanayo akanafuna kubisa akanabisa. Anangotenga kapaipiko ndi pepala, n'kumuuza kuti amalize kudya. Mawa lake mayi anapita okha kusukulu kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu.

Panatsala nkhani ya Sipika. Chichitikire ngoziyo sanapondenso pakhomopo. Mayi ake, amene anali ndi saluni pafupi ndi msika, anamuletsa, ndipo zinamveka kuti ankauza makasitomala awo kuti mwana wa adalaivala ndi amene ankafuna kuwononga mwana wawo, mwamwayi Mulungu anaulula msanga. Mayi a Injiniya atamva anapsa mtima, anati azisiye choncho, aliyense alere wake. Koma Injiniya anawauza kuti Sipika akusutabe, tsopano kuposa kale, ndipo pamasewera a mpira wamanja amapempha kutuluka chifukwa mpweya umamuthera. Bambo anaganiza za tsiku lija pageti, mwana wa eni ali ndi kapu m'manja. Anati timapaipi toyamba timene Sipika anasuta tinabwera m'jumbo lawo, choncho sangakhale chete ngati sizikuwakhudza.

Anapita onse atatu masana ena. Saluniyo inali kachipinda kamodzi kokhala ndi galasi lalikulu, mipando iwiri ndi zithunzi za masitayilo a tsitsi pakhoma. Mayi a Sipika anali akuluka kasitomala, mayi wina wonenepa amene mutu wake unali utalukidwa mbali imodzi. Sipika anali pakona akulekanitsa tsitsi loikirira. Mayiwo anawalandira mwaulemu wozizira, kuwapatsa benchi, manja osasiya kuluka. Bambo anayamba ndi kupepesa, n'kufotokoza mbali yawo yonse. Mayi a Sipika anati amva, ndipo akuthokoza, koma mwana wawo anangoperekeza mnzake, iye sasuta, akanakhala kuti amasuta bwenzi iwo atamva fungo, poti bambo ake omwalira ankasuta ndipo fungo la fodya amalidziwa bwino.

"Inenso ndimatero, mayi," anatero bambo.

Injiniya sanayang'ane akuluakuluwo. Anayang'ana mnzake, n'kumuuza motsitsa kuti iye tsiku lija pansi paja ankamva zonse, ankamumva Sipika akumuitana, koma lilime linkakana kuyankha, ndipo ankaganiza kuti akufa. Anati sakufuna kudzaima pageti la kwa Sipika ndi kapu ya madzi.

Sipika anaika tsitsi lija pansi. Analowa kuseri kwa nsalu kumene ankasungira zikwama, n'kubwera ndi nsapato yake yamasewera. Anaitembenuza pamwamba pa thebulo la zipeso, ndipo munagwa timapaipi tinayi. Anayamba kulira mopanda phokoso.

Manja a mayi ake anaima m'mutu mwa kasitomala. Anayang'ana timapaipito, anayang'ana mwana wawo, kenako anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo n'kukhala. Anati timeneti anatipezapo m'chikwama, ndipo mwanayo anawauza kuti ndi tonunkhiritsa m'kamwa. Mayi a Injiniya, amene anabwera ndi mawu okonzeratu oti akawabwezere mayiwa, anapeza kuti mawuwo asungunuka. Anasendera pafupi n'kuyamba kuwauza zimene zikubwera: kusagona, ukali, mawu opweteka amene sayenera kuwasunga mumtima. Anawauza za chipinda cha kumapeto kwa khonde kuchipatala, ndipo anati sabata yamawa akamapita ndi wawo adzawadutsira kuti apitire limodzi.

Anapitadi limodzi, ndipo anapitiriza kutero kwa miyezi. Sipika zinamutengera nthawi yaitali kuposa mnzake, anagwa n'kudzuka kangapo, ndipo chifuwa chake chinachedwa kupola moti chaka chimenecho mpira anausiya. Injiniya anamaliza chaka osasutanso, ngakhale ankanena yekha kuti nthawi ya mayeso ankachita kukhalira manja ake.

Koma tsiku la kusaluni lija, asanatuluke, kasitomala uja amene anakhala phee nthawi yonseyi ndi mutu wake wolukidwa theka anapempha kuti aone kapaipi kamodzi. Bambo anakagwira ndi pepala n'kumupatsa. Mayiyo anakayang'anitsitsa n'kukafikitsa pamphuno.

"Wanga ali nako kabuluu," anatero. "Amati n'kosungira nyimbo."

Anafunsa kuti kuchipatalako amapita tsiku lanji. Kenako anavula nsalu ya pamapewa, anamanga mpango kumutu kubisa mbali yosalukidwayo, n'kuuza mayi a Sipika kuti adzamalizitsa mawa, pakali pano akufuna akafike kunyumba mwana asanabwere kusukulu.